Kusamala Mphaka Popanda Kuwononga Ndalama Zambiri

M'nyumba zambiri ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, mphaka ndiye amateteza ufa ndi chimanga ku makoswe. Koma akadwala, eni ake amaopa mtengo wa dokotala wa ziweto, ndipo ena amangomumwetsa Panado. Mankhwalawa ndi poizoni kwa mphaka: m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha.

Njira yotsika mtengo ndiyo kupewa matenda. Choyamba ndi katemera wa chiwewe. Mphaka wachiwewe akaluma mwana amatha kumupatsira matendawa, omwe sachizika zizindikiro zikangoyamba. Kuyambira 2015, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera waulere mumzinda wa Blantyre, koma amphaka nawonso amafunika katemerayu. Mwini mphaka afunse alangizi a ziweto a boma za malo ndi tsiku lobayitsa.

Chachiwiri ndi kufula mphaka wamwamuna kapena kutseketsa wamkazi, ntchito yomwe a Blantyre SPCA amagwira. Izi zimachepetsa ana amphaka osowa chakudya ndi owasamala. Ndi bwino kufunsiratu mtengo.

Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.