Musanagule tebulo la pool, suzumirani pansi pa nsalu

Mlamu wanga anagulitsa kaunjika zaka zisanu ndi chimodzi, nasunga kangachepe, naonjezera ngongole ya banki m'khonde kuti agule tebulo la pool loika pa kabala kake. Tsiku lomwe linafika tinasonkhana ngati kwabwera mkwatibwi. Nsalu yabuluu, m'mbali monyezimira, dzina la bala litalembedwa mwaluso, ndiponso timagetsi tothwanimathwanima. Mmisiri anali atapanga monga momwe mlamu analamulira. Anyamata ankachita kulimbirana ndodo.

Mvula itagwa miyezi iwiri zinthu zinatembenuka. Ukamenya mpira pang'onopang'ono unkakhota wokha kulowera ku dzenje la kumanzere ngati uli ndi chibwenzi kumeneko. Odziwa kusewera anadandaula, kenaka anasamukira kwa neba. Titasenda nsalu tinapeza kuti pansi pake panali bolodi la utuchi wophatikiza ndi guluu, lomwe linali litamwa chinyezi n'kufufuma. Ngongole nayo inali ikufufuma. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chichokereni tsiku limenelo ndimatchera khutu anthu akamatsutsana za matebulowa. Madala amati tebulo lenileni ndi lakale, ngati aja a snooker opezeka m'makalabu ena omwe atsamunda anatisiyira. Achinyamata amati zakalezo ndi za kumyuziyamu, iwo akufuna lamakono lopangitsa mwini wake. Ine ndikuti onse awiri akuyang'ana pamwamba, pamene nkhani ili pansi pa nsalu.

Tiyambe ndi lakale. N'chifukwa chiyani tebulo loposa zaka 100 limaseweredwabe? Poyamba matebulo onse anali a matabwa okhaokha, ndipo ankapindika monga la mlamu wanga. Cha m'ma 1830 mmisiri wa ku London, John Thurston, anayamba kuyala mwala wa sileti pansi pa nsalu, mwala womwe uja agogo athu ankalembapo kusukulu za mishoni. Sileti amasalala bwino akamupala, samwa madzi ngati thabwa, ndipo sapindika kaya kutenthe kaya kuzizire. Charles Goodyear atalembetsa njira yake yolimbitsira mphira mu 1844, mphira wa m'mbali mwa tebulo anasiya kuuma nthawi yozizira ndi kunanda nthawi yotentha. Tebulo lalikulu la snooker ndi la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, masileti ake amakhala zidutswa zisanu, ndipo lonse limalemera kuposa tani imodzi. Miyendo yake yambiri inali ya mtengo wa mtundu wa mbawa, yosemedwa pamanja. Chinthu chotere chimakoma m'maso, komanso chimakoma m'dzanja, chifukwa mpira umapita komwe wautuma.

Komabe tisatamande zakale ngati zinalibe litsiro. Mipira ya nthawi imeneyo inkasemedwa kuchokera ku minyanga ya njovu, ndipo mnyanga umodzi unkangotulutsa mipira yowerengeka. Zambiri mwa njovuzo zinali za kuno ku Africa. Minyanga inkachoka kwa Jumbe ku Nkhotakota kulowera ku gombe la nyanja ya mchere, nthawi zambiri itasenzedwa ndi akapolo, ndipo a Mandala nawo ankagula minyanga ku Karonga m'zaka za m'ma 1880. Ku Ulaya ndi ku America minyanga inkasanduka mipira ya pa tebulo, zisa ndi mabatani a piyano. Minyanga itayamba kudula, John Wesley Hyatt wa ku America anafufuza cholowa m'malo mwake, napanga imodzi mwa mapulasitiki oyambirira yotchedwa celluloid cha m'ma 1870. Masiku ano mipira yabwino imapangidwa ndi pulasitiki yolimba, yambiri ku Belgium, ndipo imakhala yozungulira bwino kuposa ya minyanga ija. Tisaiwalenso kuti m'makalabu a atsamunda munthu wakuda ankaloledwa kupukuta tebulo ndi kuperekera mowa, osati kugwira ndodo.

Apa ndi pomwe tebulo lamakono lapambana. Ndi laling'ono, la mafiti 6 kapena 7, limakwana pa khonde la golosale. Laika masewerawa m'manja mwa kondakitala wa minibasi, wogulitsa matimati ndi mwana wa sukulu. Lili ndi nzeru zakenso: pa matebulo ambiri oponya tokeni mpira woyera ndi wocheperako pang'ono, n'chifukwa chake ukagwera m'dzenje umabwerera kwa osewera pamene inzake imatsekeredwa m'kati. Kwa wamalonda, tebulo lotere ndi wantchito wosapempha malipiro. Lakale lija, ngakhale mutalipeza, mukaliika kuti? Limafuna chipinda chachikulu, amuna ambiri olinyamula, ndi mmisiri wodziwa kulumikiza masileti.

Vuto ndi lakuti mawu akuti “lamakono” aphimba zinthu ziwiri zosiyana. Lilipo tebulo lamakono la sileti, lomwe lingafike kwa zidzukulu zanu. Liliponso la bolodi, lovekedwa bwino ngati mnyamata wopita kukafunsira. Onse awiri ali pa shopu amaoneka chimodzimodzi, ndipo wogulitsa amakuonetsani utoto ndi magetsi chifukwa ndi zomwe maso amathamangira.

Tsono inu a malonda, safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama gwadani musuzumire kunsi kwa tebulo. Gogodani pa nsalu: bolodi limalira ngati chitseko, mwala umangoti phee. Yesani kutukula ngodya imodzi; likanyamuka mosavuta dziwani kuti mulibe mwala. Bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba muyeze pakati ndi m'mbali. Gubuduzani mpira pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse zinayi muone ngati ukuyenda molunjika. Umenyetseni pa mphira muone ngati ukubwerera ndi mphamvu. Funsani ngati miyendo ili ndi zokwezera ndi zotsitsira, pakuti simenti ya m'mabala mwathu siikhala yofanana. Ngati ndalama zanu zikungokwana la bolodi, palibe mlandu, koma lipirani mtengo wa bolodi, ndipo mulisunge kutali ndi mvula ndi mabotolo a mowa.

Nanunso ophunzira, amene mumasinthitsa ndalama ya sopo ndi tokeni, sankhani poponya ndalama yanu. Wophunzirira pa tebulo lokhota dzanja lake limakhotanso, ndipo tsiku lomwe adzaime pa tebulo lolunjika adzachita manyazi.

Amisiri athu sindikuwanyoza. Wokhoza kusema mpando wa mlombwa akhozanso kupanga tebulo lokongola kuposa lochokera ku Johannesburg. Chofunika n'chakuti ife ogula tiyambe kufunsa mwala tisanafunse utoto. Mlamu wanga anamaliza ngongole chaka chatha. Tebulo lija lilipo, koma pano amayalapo kaunjika.