Mphatso ya wamkulu wa kwa Mlolo: yambani mwadziwa kumene ikupita

Chaka chilichonse likamayandikira tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, kenaka Khirisimasi, m'sitolo za ku Limbe mumadzaza anthu ozungulira ndi ndalama m'manja koma osadziwa chogula. Katundu amakhalamo wambiri. Chovuta ndi munthu amene akufuna kumugulirayo: mayi, bambo, malume kapena mpongozi amene akafunsidwa chimene akufuna amangoyankha kuti, "Musadzivutitse, ana anga, bola muli moyo." Yankho lotere ndi laulemu, koma si chilolezo chopita kumudzi chimanjamanja. Wamkulu sapempha kwa mwana, amadikira kuti mwanayo aone yekha chimene chikusowa.

Kwa anthu a m'tauni amene kwawo ndi kwa mfumu yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, nkhaniyi ili ndi kulemera kwake kwapadera. Derali lili kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kumene Ruo amatsikira kukathira mu Shire, ndipo ndi komwe kuli Muona, Fatima, Osiyana ndi Makhanga. Ndi dera lotentha, lachonde, komanso lokumana ndi madzi osefukira kawirikawiri. Mphatso imene ingasangalatse nkhalamba ya ku Dedza kapena ku Mzimba ikhoza kufika kwa Mlolo n'kusanduka katundu wongosowetsa malo. Mbale amene amati ndi wovuta kumugulira mphatso nthawi zambiri sakhala wovuta ayi. Wogulayo ndiye amakhala atatalikirana ndi moyo umene mbaleyo akukhala.

Chitsanzo chapafupi ndi bulangete, lomwe limabwera msanga m'maganizo a munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe akangoganiza za agogo. M'chigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika pa madigiri 40 mwinanso kupitirira, ndipo anthu ambiri amakonda kuyala mphasa pakhonde kusiyana ndi kugona m'nyumba. Bulangete loperekedwa pa tsiku la anakubala limapindidwa n'kulowa m'sutikesi kudikira Juni ndi Julaye. Silikhala lotayika, chifukwa amafunditsa alendo ndipo limathandiza pa maliro, koma amene ali nawo kale atatu sangasinthe moyo ndi lachinayi. Ambulera yaikulu yotchinga dzuwa, nsapato zopepuka zoyendera pa dothi lotentha, neti yatsopano yotetezera udzudzu kapena nsalu yathonje yosafunditsa thupi ndi zinthu zimene zimayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo.

Zakudya nazo zimafuna kuganiza kawiri. Kunyamula mpunga kupita nawo ku Muona n'kuseketsa anthu, pakuti kumeneko kuli sikimu ya ulimi wothirira yomwe yakhala ikutulutsa mpunga kwa zaka zambiri. Nsomba zouma nazo n'chimodzimodzi: dambo lalikulu la Elephant Marsh lili pafupi, ndipo milamba imachokera kumeneko kupita m'tauni, osati kuchoka m'tauni kubwerera kudambo. Chodabwitsa ndi shuga. Amapangidwa m'chigwa momwemo, ku Nchalo, koma akadali mphatso yolandiridwa ndi manja awiri, pamodzi ndi sopo, mchere, masamba a tiyi ndi mafuta ophikira, popeza zonsezi zimafuna ndalama pomwe zakumunda sizifuna. Kungoti mwana amene akudziwa kuti kholo lake lidauzidwa kuchipatala kuti lichepetse shuga kapena mchere asanyamule mapaketi asanu n'cholinga choti aoneke wopatsa. Wamkulu sangataye mphatso ya mwana wake, adzadya basi.

Koma chimene chimasiyanitsa kwambiri kwa Mlolo ndi madera ena ndi madzi. Mu Januwale 2015 Ruo adasefukira n'kusintha njira yake, kudula Makhanga ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo boma lidalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Mu Malichi 2019 kudabwera mvula yomwe idatsogolera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 namondwe wa Ana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera opanda pokhala. Munthu wa zaka 70 wokhala m'mbali mwa Ruo kapena Shire waona zonsezi m'zaka zosakwana khumi. Ambiri otere adathawapo usiku, atanyamula zokhazo zimene zikanatheka kusenza pamutu kapena kuika m'bwato.

Wogula mphatso ayenera kudzifunsa funso losasangalatsa: madzi akadzabweranso, chinthuchi chidzanyamulika? Mipando ya sofa, kabati ya magalasi ndi matiresi aakulu zimakongoletsa nyumba ndipo zimauza anansi kuti mwana wa pakhomopo ali pa ntchito. Komabe ndi zomwe zimatsala m'nyumba madzi akafika, ndipo mwini wake amadandaula kawiri, poyamba chifukwa cha katunduyo, kachiwiri chifukwa choganiza za thukuta la mwana amene adagula. Izi sizikhudza aliyense mofanana. Nyumba ya kumtunda, cha kumunsi kwa mapiri otsikira ku Thyolo, si yofanana ndi ya m'mphepete mwa mtsinje. N'chifukwa chake kudziwa kuti mbale amakhala "kwa Mlolo" sikokwanira. M'pofunika kudziwa pamene nyumba yake yaima, komanso ngati adasamukira kumtunda kapena amabwererabe kudimba nyengo ya chilimwe.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma madzi a masiku ano amaimbako ng'oma pa wailesi. Nthambi yoona za nyengo imalengeza za namondwe kusanagwe mvula, ndipo uthengawo umadutsa pa wailesi zikuluzikulu ndi za m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka m'boma la Nsanje. Kawailesi kakang'ono kotchajidwa ndi dzuwa, kosafuna kugula mabatire sabata iliyonse, kamakhala mnzake wa nkhalamba masiku onse pomvera mapemphero, mpira ndi mauthenga a maliro, ndipo tsiku lina kakhoza kumudzutsa nthawi ikadalipo.

Pali mphatso ina yosaoneka bwino m'maso koma yamtengo wapatali: chidebe cha pulasitiki chotsekeka bwino, kapena kachikwama kosalowa madzi. Chiyambire kalembera wa unzika mu 2017, chiphaso cha unzika chidasanduka kiyi wa zinthu zambiri, kuyambira kulembetsa nambala ya foni, kugula zipangizo zaulimi zotsika mtengo mpaka kulandira thandizo la boma. Chikapita ndi madzi pamodzi ndi buku la kuchipatala, nkhalamba imayamba maulendo ataliatali okaima pa mizere. Zoona, chidebe chopanda kanthu sichingaperekedwe kwa apongozi ngati mphatso ya Khirisimasi. Anzeru amaikamo chitenje, sopo ndi tiyi, n'kunena mwaulemu kuti zikatha zam'katizo, chidebecho chizisunga mapepala.

Za magetsi n'zosachita kutalikitsa. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo amaunikira magetsi, pomwe oposa theka amadalira matochi a mabatire. Pa malo ena ochitira malonda magetsi alipo, koma m'midzi yambiri ketulo kapena simbi yamagetsi imangokhala chokongoletsa pa shelefu. Nyale ya sola yotha kutchaja foni ndiyo imagwira ntchito. Foni nayo ikhale ya mabatani, ya zilembo zazikulu ndi batire lokhalitsa. Foni yamakono yopatsidwa kwa agogo imatha sabata imodzi ili m'manja mwawo, kenaka imapezeka ndi mdzukulu amene akuti akuwasungira. Funso lina lothandiza ndi lakuti chinthucho chikaonongeka adzakonza ndani. Njinga yakapalasa imapambana pamenepa: m'chigwa ndi mosalala, okonza ali paliponse, ndipo ngakhale mwini wake atasiya kupalasa, mdzukulu amamunyamulirapo kupita kuchipatala kapena kutchalitchi.

Ambiri akatopa kuganiza amangoti atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mwini wake asankhe yekha. Nzeruyi si yolakwika, makamaka kwa wamkulu amene akadali ndi mphamvu zoyendetsa zinthu zake. Ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, ndalama siikhalitsa mphamvu: kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adamangirira ndalama pa nsonga ya chitenje kudikira tsiku loipa adapeza kuti yachepa ili chimangire. Chachiwiri, ndalama yopatsidwa kwa agogo kawirikawiri siithera pa agogowo. Imapita ku fizi ya mdzukulu, ku chipepeso cha maliro a m'mudzi, kapena kwa mnansi wobwereka. Uko n'kufuna kwa mwini ndalama ndipo palibe angamudzudzule, koma amene cholinga chake chinali kupepuza moyo wa munthu mmodziyo angachite bwino kulipira chinthu chenichenicho. Akhoza kulipira aganyu opalira m'munda, mmisiri wokonza denga mvula isanayambe, kapena ulendo wokapimitsa maso ndi kugula magalasi. Chipatala cha Trinity ku Muona ndi cha mpingo wa Katolika, ndipo monga zipatala zina za mipingo, chithandizo chambiri chimakhala cholipira. Mwana amene wasenza bilu ya kumeneko wapereka mphatso ngakhale palibe chokulunga m'pepala.

Mbuzi ili pakati pa ndalama ndi katundu. Imaswana, imagulitsika pa tsiku la vuto, ndipo m'chigwa cha Shire, chomwe chimadziwika ndi ng'ombe ndi mbuzi, kukhala ndi khola ndi ulemu. Igulidwe komweko. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka nthawi ndi nthawi m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo akabuka boma limaletsa kuyendetsa ziweto. Komanso pakhale wobusa. Kupatsa mbuzi gogo amene amayendera ndodo, pakhomo popanda mnyamata, ndiko kumupatsa milandu ya mbewu za eni.

Kusankha chinthu ndi theka chabe la ntchito, theka linalo ndi kudziwa amene akuona. Kwa Mlolo kumakhala Asena ndi Amang'anja, ndipo mabanja awo sayenda mofanana. Kwa Asena mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna, kotero bambo ndi abale a kuchimuna ali ndi mawu aakulu. Kwa Amang'anja mtundu umatsata kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa m'tauni amene wagulira mayi ake chitenje chodula n'kuiwala malume amene adaima ngati nkhoswe pa ukwati wake sadzamva dandaulo lililonse tsiku limenelo. Adzalimva patapita zaka, pa nthawi imene adzafune malumewo. Mphatso ya munthu wotere siifunika kukhala yodula: shati yoyera yovala kutchalitchi, chipewa, kapena jekete yovala pa bwalo la milandu ndi pa zinkhoswe. Jeketeyo adzaivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa ntchito yake si kufunditsa.

M'banja la mitala, zitenje zikhale ziwiri ndipo zisasiyane mtengo, pakuti amayi amadziwa nsalu poikhudza. Chitenje cha chipani chisaperekedwe pokhapokha wogula akudziwa mbali imene wolandirayo ali, ndipo yunifolomu ya bungwe la amayi a kumpingo ifunsidwe kaye kwa anzawo a mumpingomo kuti isalakwike mtundu ndi kasokedwe. Kwa apongozi, ulemu umafuna kuti mphatso idutse mwa mwana wawo, kapena iperekedwe onse awiri ali pomwepo, mkamwini kapena mtengwa atagwada kapena kunjuta. Zovala zam'kati siziperekedwa kwa apongozi ngakhale zitasowa chotani; zimenezo ndi za mwana wawo wamkazi kapena mchemwali wawo. Wolandirayo akangothokoza n'kulowetsa katunduyo m'nyumba osamasula, woperekayo asakhumudwe. Kumasula mphatso pamaso pa anthu ndi mwambo wa pa maphwando a m'tauni. Kumudzi kumaonetsa dyera, komanso kumaitana maso a anthu amene sadalandire kanthu.

Nanga munthu angadziwe bwanji chosowa ngati mwini wake sanena? Pafupifupi pakhomo paliponse pamakhala wina wodziwa: mlongo amene adatsala kumudzi, mdzukulu wogona m'nyumba momwemo, kapena mayi woyandikana naye amene amabwerekedwa poto. Iwowa ndiwo amadziwa kuti agogo asiya kuwerenga Baibulo chifukwa zilembo zachepa m'maso, kuti nsapato ya kutchalitchi idang'ambika, kapena kuti akutunga madzi ndi ndowa yodontha. Saizi ya nsapato ifunsidwe kwa iwowa, kapena ajambule phazi pa pepala n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp, chifukwa kubweza nsapato ku Limbe kuchokera ku Makhanga kumadya ndalama zoposa mtengo wa nsapatoyo.

Ulendo nawo umalamula kukula kwa mphatso ndi nthawi yoipereka. Wochokera ku Blantyre amatsika mapiri a Chikwawa n'kukhota pa Thabwa kutsata msewu wa kum'mawa kwa Shire, kapena amadzera ku Thyolo ndi Thekerani. Wodzera ku Bangula amakumana ndi madzi pa Mtayamoyo, pamene njanji ndi msewu zidakokoloka mu 1997, ndipo amadalira bwato. Mvula ikakhazikika, mitsinje yotsika m'mapiri imadula msewu wa ku Thabwa ndipo mtengo wa kabaza umakwera. Katundu wolemera monga malata, simenti kapena njinga ndi bwino apite mu Seputembala kapena Okutobala, za Khirisimasi zikhale zokwana m'chikwama chimodzi. M'chikwamamo mutsalenso malo pobwerera. Wamkulu amene adati asadzivutitse uja amakhala atakonza kale zake: mpunga wa ku Muona m'kathumba, milamba yowamba yokulunga m'nyuzipepala, mwinanso nkhuku yomangidwa miyendo, yomwe kondakitala wa minibasi pa Thabwa adzafuna kuti ilipiridwe payokha.