Kodi Mumadziwa? Matakoatsanu Saopa Mchere

Kodi mumadziwa kuti kaudzu kamene alimi a m'madimba a ku Ntcheu amazula pakati pa tomato ndi kabichi n'kuponyera nkhumba ndi ndiwo yabwino? Ndi matakoatsanu, amene akatswiri a zomera amawatcha Portulaca oleracea. Amayanga pansi ndi timitsinde tofiirira tonenepa, masamba ake ndi aang'ono, okhuthala, ndipo ukawafinya amatuluka madzi oterera.

Kodi mumadziwa kuti amapirira mchere? Kumalo otentha monga chigwa cha Bwanje madzi othirira amauma msanga, ndipo akakhala ndi mchere amausiya pamwamba pa nthaka ngati phulusa loyera. Nyemba zimanyentchera pa nthaka yotere, koma matakoatsanu amayamwa mcherewo n'kuusunga m'madzi a m'masamba mwawo.

Kodi mumadziwa kuti ku Italy ofufuza anawadzala dala pakati pa tomato wothiriridwa ndi madzi amchere? Cholinga chinali choti aziyamwako mchere, tomatoyo apepukidwe. Alimi ogulitsa tomato pa Lizulu ndi pa Kampepuza aganizirepo asanazule matakoatsanu onse.

Kodi mumadziwa kuti chilala chikavuta amasintha kapumidwe? Masana amatseka timabowo ta pamasamba kuti madzi asathawe, n'kumatitsekula usiku kukazizira.

Kodi mumadziwa chifukwa chake satha m'dimba? Tsinde lodulidwa ndi khasu likagona pa chinyezi limaphukanso mizu, ndipo chomera chimodzi chingabale timbewu takuda toposa 100,000. Mu 1879, William Beal wa ku Michigan, ku America, anakwirira mbewu zosiyanasiyana m'mabotolo. Za matakoatsanu zinamerabe patatha zaka 40.

Kodi mumadziwa kuti timaluwa tawo tachikasu timatseguka maola ochepa chabe m'mawa, dzuwa likawala bwino?

Kodi mumadziwa kuti ku Mexico, Greece ndi Turkey amagulitsidwa pamsika? Ali m'gulu la masamba okhala ndi mafuta ambiri a omega-3, othandiza mtima, komanso ali ndi mavitamini A ndi C. Sachedwa kupsa: mukawatsuka bwino, aphikeni ndi tomato ndi anyezi, kapena muwatendere nsinjiro. Pewani a m'munda wongopopera kumene mankhwala, ndipo amene amavutika ndi timiyala ta mu impso asamadye kawirikawiri, poti masambawa ali ndi asidi wothandizira kupanga timiyalato.