Ntchito Ikatha ku Joni, Samalani Masiku 90 a Medical Aid

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi abale ogwira ntchito ku South Africa, ndipo ena amathandizidwa kuchipatala kudzera mu medical aid ya kuntchito. Ntchito ikatha, bwana amasiya kulipira gawo lake, koma mwayi suthera pomwepo.

Ngati sikimuyo ndi yotsegukira aliyense, monga Discovery Health kapena Bonitas, munthu angapitirize payekha, akulipira ndalama yonse ya pamwezi. Ikakhala ya antchito a malo amodzi okha, opitiriza ndi opuma pantchito, ochotsedwa ntchito chifukwa cha ukalamba, matenda kapena ulumali, komanso banja la membala womwalira. Ena onse asamukire ku sikimu yotseguka.

Ngozi ili pa kuchedwa. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limalola sikimu kudikiritsa munthu amene wakhala kunja masiku 90 kapena kuposerapo: mpaka miyezi 3 pa chithandizo wamba, ndi mpaka miyezi 12 pa matenda amene wabwera nawo, monga shuga kapena BP. Podikirapo, ndalama amalipirabe.

Choncho abale ndi alongo, mwana akaimba kuti ntchito yatha, mufunseni tsiku limene medical aid yake ikutha, ndipo mukumbutseni kutenga kalata ya umembala.