Chitsamba cha croton chimafuna dzuwa ndi madzi kuti chisataye kukongola

Lilongwe: Chaka ndi chaka mvula ikayamba, maofesi, sukulu ndi zipatala zambiri m'dziko muno zimagula mbande za zitsamba zokongoletsera malo. Chimodzi mwa zitsamba zomwe zimakondedwa kwambiri ndi croton, chomwe masamba ake ndi amawangamawanga, ofiira, achikasu ndi obiriwira, ndipo sayoyoka chaka chonse.

Koma pofika mwezi wa Okutobala, zambiri mwa zitsambazi zimakhala zitafota kapena kusanduka zobiriwira zokhazokha, zomwe zimachititsa kuti ndalama ziwonongekenso pogula mbande zina. Kawirikawiri vuto silikhala mbande koma malo obzalapo ndi kasamalidwe.

Croton, yemwe dzina lake la sayansi ndi Codiaeum variegatum, anachokera ku Indonesia, Malaysia, kumpoto kwa Australia ndi kuzilumba za m'nyanja ya Pacific. Ali m'banja limodzi ndi chinangwa komanso nsatsi, ndipo akasamalidwa bwino amatalika mpaka mamita 3.

Popeza kwawo ndi kotentha, chitsambachi chimakondwa m'maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Kumadera ozizira monga Dedza, chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimatha kugwetsa masamba, makamaka kutentha kukatsika kuposa madigiri 10. Kumeneko ndi bwino kuchibzala pafupi ndi khoma lotchinga mphepo.

Chinsinsi cha mawanga ake ndi kuwala. Chikabzalidwa pamthunzi wandiweyani, monga pansi pa mtengo wa mango, masamba amachulutsa kubiriwira pofuna kupanga chakudya chokwanira, ndipo mitundu ina ija imazilala. Komabe dzuwa lamphamvu lamasana m'nyengo yotentha limawaula masamba ngati nthaka ndi youma. Malo abwino ndi omwe amaomba dzuwa la m'mawa, n'kukhala ndi kamthunzi masana. Osamalira malo adziwenso kuti masamba anthete amayamba obiriwira kapena achikasu, n'kumafiira akamakhwima, choncho asafulumire kuwadula.

Nthaka ikhale yosasunga madzi, yosakaniza ndi manyowa owolerana bwino, chifukwa madzi akadikha mizu imawola. M'chilimwe chitsambachi chithiriridwe nthaka yapamwamba ikangouma, ndipo patsinde paphimbidwe ndi udzu kapena masamba ouma kuti chinyezi chisathawe.

Ofesi sikuyenera kugula mbande chaka chilichonse, chifukwa croton amamera kuchokera ku nthambi. Nthambi ya masentimita 10 mpaka 15 imadulidwa ndi mpeni wakuthwa, kuchotsedwa masamba a m'munsi, ndi kuzikidwa m'chubu cha dothi losakaniza ndi mchenga. Chubucho chikaikidwa pamthunzi ndi kuthiriridwa, mizu imatuluka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Nthambi zozikidwa mu Seputembala kapena Okutobala zimakhala zokonzeka kuwokedwa m'nyengo yobzala mitengo, yomwe m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo.

Adani akulu a chitsambachi ndi kodikodi, yemwe amaoneka ngati thonje m'mphanda za nthambi, ndi akangaude ofiira, omwe amaswana kunsi kwa masamba kukatentha. Kutsuka masamba ndi madzi osakaniza ndi sopo pang'ono kumathandiza tizilomboti tisanachuluke. Kudulira nsonga kumayambiriro kwa mvula kumachititsa kuti chitsamba chiyange bwino.

Chofunika kusamala ndi utomoni wake, womwe umayabwa pakhungu, umapweteka m'maso ndipo ndi woopsa ukamezedwa. Akuluakulu oyang'anira maofesi aonetsetse kuti ogwira ntchito m'minda ya maluwa ali ndi magolovesi, komanso kuti pa sukulu za mkaka chitsambachi chisabzalidwe pomwe ana amasewera.