WOLIZA LIMBA WA WITCH ANABWERERA PATAPITA ZAKA 30

Akulu-akulu a ku Chiparamba ndi midzi yozungulira Chipata, amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1970, akumbukira bwino masiku amene banja lonse linali kuzinga wailesi madzulo kumvetsera nyimbo za ana a Zambia. Pa nthawiyo Mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za kuno kwathu. Limodzi mwa magulu amene anamveka ponseponse linali WITCH, la anyamata a ku Kitwe.

Koma ambiri amene anavina nyimbo za gululi sadziwa mbiri ya a Patrick Mwondela, katswiri woliza limba la magetsi.

A Mwondela sanali pakati pa oyambitsa WITCH. Pamene mbale yochuka ya Lazy Bones!! inatuluka mu 1975, woimba wamkulu anali a Emmanuel "Jagari" Chanda. Pambuyo pake a Chanda anasiya gulu napita kukagwira nchito ya uphunzitsi. A Mwondela analowa a Chanda atacoka kale, ndipo kubwera kwao kunasintha kamvekedwe ka nyimbo. Kale gitala ndiyo inali kutsogolera. Tsopano limba linatenga malo, pakuti acinyamata anali atayamba kukonda disiko. Umboni wake uli m'mbale ziwiri, Movin' On ya mu 1980 ndi Kuomboka ya mu 1984, imene inachedwa dzina la mwambo wa Alozi.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mtengo wa mkuwa unali utatsika, ndalama zinasowa m'matumba a anthu, ndipo munthu wosowa ufa sagula mbale ya nyimbo. Gulu linapasuka. A Mwondela anapita kukakhala ku England. A Chanda nao anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Anzao ambiri oimba a m'badwo umenewo anamwalira ndi matenda a Edzi, ndipo zinaoneka ngati WITCH yaikidwa nao m'manda.

Cimene cinaukitsa dzinali ndi mbale zakale zija. Mu 2012 kampani ya ku America yochedwa Now-Again Records inasonkhanitsa nyimbo za WITCH ndi kuzitulutsanso. Acinyamata a kutsidya kwa nyanja anazimva nazikonda. Mu 2017 a Chanda ndi a Mwondela anakaimba m'maiko a ku Europe, mothandizidwa ndi oimba acinyamata monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Codabwitsa n'cakuti amuna awiriwa, amene anasenza dzina la gulu limodzi pa nyengo zosiyana, anadzaimbira pamodzi imvi zitamera kale.

Mu 2023 anatulutsa mbale yatsopano, Zango, imene anaijambulira ku DB Studios mu Lusaka, komwe Lazy Bones!! inajambulidwira. Ina yochedwa Sogolo inatsatira mu 2025.

Kukanakhala kuti mbale zakale zonse zinatayidwa kudzala, a Mwondela sakanakhalanso pa limba la WITCH. Motero inu amene muli ndi mbale za galamafoni pansi pa bokosi, kapena makaseti a agogo pa tsindwi, musawapatse ana kuti aziseweretsa. Apukuteni fumbi, muwasunge kutali ndi dzuwa ndi cinyezi.