KUSANKHA ZIPANGIZO ZOSAMBIRIRA PANSI PA MADZI

Munthu wobadwira ku Chipata akula osaona madzi akulu koposa a damu la Lutembwe kapena a mtsinje wa Luangwa. Koma akakwera galimoto m'mawa, nadutsa malire pa Mwami, napitirira Mchinji ndi Lilongwe mpaka ku Salima, dzuwa lisanalowe aimirira m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, imene kuya kwace kufika mamita 700 ca kumpoto. Kumeneko aona anthu obereka mabotolo a citsulo kumbuyo, amene alowa m'madzi nakhala pansipo theka la ora osaturuka kudzapuma. Ena ndi alendo odzaona nsomba zokongola za m'miyala zochedwa mbuna. Ena ali pa nchito, agwira nsombazo zamoyo kuti zikagulitsidwe ku maiko a kutali. Nchito yotere iriponso ku Mpulungu pa Nyanja ya Tanganyika, ndipo ku damu la Kariba osambira alowa pansi kukayang'ana khoma. Tsono mnyamata wofuna luso limeneli afunsa kuti, "Kodi ndiyambe kugula ciani?"

Yankho lace ndi lakuti asagule kanthu asanaphunzire. Kwa zaka zambiri kwakhala masukulu a nchito imeneyi ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kumene wophunzira abwereka zipangizo zonse. Maphunziro oyamba atenga masiku owerengeka, ndipo wopambana alandira ciphaso comlola kutsika mpaka mamita 18. Pobwereka munthu azindikira zimene zimkwana ndi zimene zimbvuta, ndipo ndalama zace sizitayika cabe.

MADZI ALI NDI KULEMERA

Anthu a m'migodi adziwa kuti keji ikamatsika msanga makutu atsekeka, cifukwa mpweya wa pansi upanikiza koposa wa pamwamba. M'madzi ziri cimodzimodzi, koma zicitika pafupi kwambiri, pakuti madzi alemera koposa mpweya. Munthu akatsika mamita 10 okha, ndiwo mapazi 33, thupi lace lipanikizidwa kawiri kuposa pamtunda; pa mamita 20 katatu; pa mamita 30 kanai. Cikhodzodzo codzala mpweya cikatsitsidwa mamita 10 cifwamphuka kufikira theka, ndipo cikakwezedwa cifufumanso. Mapapo a munthu, makutu ace ndi mphuno zace zicita monga cikhodzodzoco. Zipangizo zambiri za wosambira zinapangidwa cifukwa ca lamulo limeneli.

Makina amene agwira nchito lero anacokera ku France, kumene m'caka ca 1943 Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga cipangizo copatsa munthu mpweya pa nthawi yokha imene aukoka, ndiponso pa mphamvu yolingana ndi ya madzi omzinga.

ZOYAMBA KUGULA

Coyamba ndi galasi la kumaso, pakuti nkhope za anthu zisiyana, ndipo galasi losakwana lilowetsa madzi kosaleka. Kuliyesa kwace nkosabvuta: munthu alikhazike pa nkhope osamanga lamba wace, akoke mpweya pang'ono ndi mphuno, nacotse manja. Likamamatira osagwa, ndiye kuti lamkwana. Liyenera kuphimba maso ndi mphuno pamodzi, kuti potsika munthu athe kupumiramo mpweya pang'ono. Timagalasi tophimba maso okha, ta ana osambira pamwamba, sitiyenera konse. Pansi tikoka maso mpaka afiira ndi magazi. Galasi lace likhale lolimbitsidwa, lolembedwa mau akuti tempered, losasweka m'zidutswa zakuthwa.

Caciwiri ndi zipsepse za kumapazi. Zothina zibweretsa dzanzi ndi matuza, zokhwepa zibvuka m'madzi. Woyamba asakhumbire zazitali ndi zouma, zimene zitopetsa miyendo yosazolowera. M'madzi ofunda a nyanja zipsepse zobvala ngati nsapato zikwanira. Pamodzi ndi izi agule kapaipi kopumira pamwamba pa madzi, kamene kasunga mpweya wa m'botolo.

Cacitatu ndi cobvala ca mphira. Ambiri aseka nati, "M'dziko lotentha lino cobvala nca ciani?" Koma madzi acotsa kutentha kwa thupi msanga koposa mphepo, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene mwera uomba, munthu wokhala pansi nthawi yaitali aturuka mano akugwedezeka. Mphira wocindikala mamilimita 3 akwanira miyezi yambiri. Cigwire thupi bwino, koma cisatsekereze cifuwa.

ZOSUNGA MOYO

Zinthu zitatu zija zikalakwika munthu angobvutika. Zotsalazi zikalakwika munthu afa. Cifukwa cace woyamba acita bwino kuzibwereka kwa aphunzitsi ace kufikira atazidziwa.

Botolo la mpweya liri la citsulo kapena la aluminiyamu. La malita 12 likadzazidwa pa mphamvu ya mabaa 200 lisunga mpweya wa malita 2,400. Pa khosi pace pasindikizidwa tsiku limene linayesedwa. M'maiko ambiri lamulo liti liyesedwe ndi mphamvu ya madzi zaka 5 ziri zonse, ndi kuyang'anidwa m'kati kawiri kawiri. Botolo lopanda cizindikiro ici, kapena la dzimbiri, lisagulidwe ngakhale mtengo wace utsike cotani, pakuti likaphulika lipha amene alidzaza.

Cipangizo ca pakamwa, cochedwa regulator, ndico mtima wa zonse. Cikhale ndi popumira pawiri, pena pa mwini wace, pena pa mnzace amene mpweya wamthera. Wogula afunse kaye ngati m'dziko muli mmisiri wodziwa kucikonza, ndi ngati zitsulo zace zipezeka, cifukwa cifunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Cakale cogulidwa pa msika cisalowe m'madzi mmisiri asanacitsegule.

Palinso geji yosonyeza mpweya wotsala, ndi yina yosonyeza kuya, pamodzi ndi wochi. Masiku ano kompyuta yaing'ono ya pa mkono iwerenga kuya ndi nthawi pamodzi. Mpweya utha msanga pansi: botolo limene munthu akadapumira ora lonse pamtunda lingomkwanira theka la ora pa mamita 10. Mwambo wa osambira ndi kufika pamwamba geji isanatsike pansi pa 50.

Jekete la mpweya limthandiza kuyandama kapena kuima pakati pa madzi, ndipo lamba wa mtobvu amthandiza kutsika. Lambayo akhale womasuka ndi dzanja limodzi. Madzi a nyanja za kuno alibe mcere, ndipo sanyamula munthu monga acitira a ku Beira kapena ku Durban; motero mtobvu ufunika wocepa.

CENJEZO KWA ANTHU A M'MIGODI

Wodziwa makina a mu mgodi akhoza kuganiza kuti mpweya ndi mpweya. Iai. Kompresa ya pa garaja kapena ya majekihama ituruka ndi mafuta ndi utsi wakupha uja wosanunkha, umene upezekanso mu mgodi ataphulitsa miyala. Pansi pa madzi ululu wace ucuruka. Botolo lidzazidwe pa kompresa yopangidwira mpweya wopuma, yokhala ndi zosefera zace. Ndiponso lisadzazidwe ndi okosijeni wa owocherera zitsulo. Makina a Proto, a magulu opulumutsa anthu m'migodi, anagwira nchito ndi okosijeni yekha, ndipo anasunga miyoyo yambiri. Koma okosijeni yekha, munthu akapitirira mamita 6 pansi pa madzi, akhoza kumgwetsa ngati wa khunyu, namira.

Cipangizo coposa zonse ndi cifuwa ca mwini wace. Amene anagwira nchito zaka zambiri m'pfumbi la miyala, kapena anadwalapo cifuwa cacikulu, mphumu, khunyu kapena nthenda ya mtima, aonane ndi dotolo asanalipe ndalama za sukulu. Mapapo a zipsera asunga mpweya m'timatumba tace, ndipo pokwera mpweyawo ufufuma nung'amba papo. Cifukwa comweco wosambira aliyense aphunzitsidwa kusagwira mpweya konse, ndi kukwera pang'ono pang'ono, ndi kuima mphindi 3 pa mamita 5. Wothamangira pamwamba magazi ace acita thobvu, monga botolo la zakumwa lotsegulidwa mwadzidzidzi. Mfundo ziwawa, ndipo ena apuwala miyendo. Zipinda zocizira nthenda imeneyi ziri kutali, monga ku South Africa.

Wa ku Chipata ali ndi cinthu cinanso coti akumbuke. Nyanja iri m'cigwa, pafupi mamita 470 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene Lilongwe ndi Chipata ziri kupitirira mamita 1,000. Kukwera citunda ca ku Salima thupi lisanacotse mpweya umene linamwa pansi kufanana ndi kupitiriza kukwera m'madzi. Wanzeru agona ku nyanja usiku umodzi, nabwerera kwao m'mawa mwace.

Wogula zipangizo asaziyese yekha m'damu la kwao, mmene madzi ali a matope ndi maukonde otayika akola miyendo, kapena mu Luangwa, kwao kwa ng'ona ndi mvuu. Osambira alowa awiri awiri, ndipo asanalowe aliyense ayang'ana zipangizo za mnzace, monga acitira amuna a mu mgodi asanakwere keji. Wobwerako ku nyanja akapimitsenso likodzo ku cipatala.

Akulu anati safunsa anadya phula. Woyamba afunse aphunzitsi, abwereke, agule galasi, zipsepse ndi cobvala, ndipo zotsalazo zidikire kufikira atadziwa cimene agula. Kuona maso a nkhono nkudekha.